Janeth Asankha Chizindikiro

Mutu 6

1. Achemwali akana chidikiro

Chaka chimenecho mvula inachedwa. M'mawa uliwonse anthu a m'chigwa cha Domasi ankayang'ana kuphiri la Malosa, kumene mitambo inkaunjikana n'kuda bii, kenaka n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Akuluakulu ankati mvula yozengereza chotere ikadzayamba, idzayamba ndi ukali.

Janeth Isaki nayenso ankayang'ana kuphiriko, koma pa chifukwa china. Kutsinde kwa phirilo, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, kunali kwawo, m'mudzi wa Namikhate. Kumeneko kunali amayi ake ndi mkulu wake Eneless, amene anali woyembekezera ndipo mwezi wake unali utayandikira. Mwamuna wa Eneless anali ku Joni.

Janeth atamaliza Folomu 4 anapeza malo ophunzira ntchito ya makompyuta pa kabungwe kena ka pa Songani, ndipo ankagona kwa achibale komweko. Kabungweko kankakonza pulogalamu yotchedwa Afike. Ntchito yake inali yosavuta kuimva. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba kumudzi, mlangizi wa zaumoyo atsegule tsamba pa foni, alembe dzina la mayiyo ndi mudzi wake, adine batani, uthengawo ukatulukire pa sikilini ya dalaivala wa ambulansi.

Mtsikanayu mutu unali wakuthwa, izo sitingamumane. Vuto lake linali pakamwa. Chinthu chikadali pamoto, iye anali atayamba kale kuitana anthu kuti adzadye. Pulogalamu isanathe n'komwe, Namikhate yense anali atamva za "makina a Janeth".

Lamulungu lina Janeth ali kwawo, atabwerako ku tchalitchi, amayi anauza Eneless kuti alongedze, apite ku chidikiro. Chidikiro ndi nyumba ya pafupi ndi chipatala kumene amayi ochokera kutali amakakhala masiku awo akayandikira, kuti matenda akawayambire pafupi ndi anamwino.

Eneless anakanitsitsa. Anati kumeneko kumadzaza, udzudzu ndi wosasimbika, ndiponso mvula ikagwa iye kulibe, chimanga chake abzala ndani? Nanga akavutikirenji pomwe makina a mng'ono wake adzaitana galimoto mpaka pakhomo? Anatembenukira kwa Janeth kuti amuikire umboni, ndipo Janeth anavomera ndi mutu, monyadira ndithu.

Amayi anaika pansi lichero limene anali nalo m'manja.

"Ana inu, ndimvereni. Mimba si basi yoti ili ndi nthawi yake yonyamukira. Mwana amabwera tsiku limene wafuna, ndipo nthawi zambiri amasankha tsiku loipa, la mvula, mtsinje utadzaza. Kamlatho kathu kaja mukukadziwa. Madzi akangofika pa mwala waukulu uja, galimoto siwoloka, njinga siwoloka, munthu amene sawoloka. Chidikiro sanachimange kuti anthu azikasangalalako. Anachimanga chifukwa cha amayi amene anatsalira kutsidya kuno, ndipo ena mwa iwo ndinawasambitsa ndi manja angawa. Makinawo sindikuwanyoza ayi, ine za makina ndizidziwira kuti? Koma iwe Janeth, pamene ukuvomera ndi mutupo, dziwa kuti mbale wakoyu watsamiritsa moyo wake pa mawu ako. Ndipo iwe Eneless, pakadafunda padajiwitsa galu."

Eneless anaseka, nati amayi amakonda kuopseza anthu.

"Musadandaule, amayi," anatero Janeth. "Lachisanu likubwerali makina ayamba kugwira ntchito."

Amayi anatola lichero lawo n'kupita kuseri kwa nyumba.

2. Loboti ndi mthandizi wake

Ofesi ya kabungweko inali chipinda chimodzi kuseri kwa mashopu a pa Songani, pafupi ndi chigayo, moti chigayocho chikalira matebulo ankanjenjemera. Mkulu wa ntchitoyo anali a Makaiko, bambo wa imvi amene kale anali mphunzitsi wa masamu. Panalinso Nickson, mnyamata amene analemba masamba a pulogalamuyo, ndipo sankafuna kumva munthu akunena kuti pena palakwika.

Janeth ntchito yake inali yoyesa pulogalamuyo. Sankayesa ndi zala zake ayi. Analemba chimene muofesimo ankachitchula kuti loboti. Musaganize za chimunthu chachitsulo. Loboti imeneyi inali mizere ya malangizo mu kompyuta. Inkatsegula yokha bulawuza, yomwe ndi pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti, n'kulemba dzina lopeka la mayi, kudina batani, ndi kuona ngati zachitika monga ziyenera. Mayeso akayenda bwino, pa sikilini pankatuluka mzere wobiriwira. Akalephereka, wofiira. Lamulo la a Makaiko linali loti pulogalamu situluka m'chipindamo pakadali mzere wofiira ngakhale umodzi.

Tsono loboti ili ndi khalidwe limodzi loipa: ndi yopupuluma. Ikadina batani, nthawi yomweyo imafuna yankho, tsamba lisanatsegule n'komwe pakamwa. N'chifukwa chake panali kachidutswa kena ka malangizo kotchedwa mthandizi, kamene mayeso onse ankakaitana akafuna kudikira. Mthandizi wakaleyo ankadziwa chinthu chimodzi chokha. Ankayang'ana kagudumu kaja kamazungulira tsamba likamaganiza, ndipo kakaima, iye ankanena kuti zatheka.

Lolemba m'mawa a Makaiko anauza Janeth kuti amuphwasule mthandiziyo, amulembe mwatsopano. Janeth anadabwa. Anafunsa mwaulemu kuti alakwa chiyani, popeza mizere yonse inali yobiriwira.

A Makaiko anakoka mpando, nakhala pafupi naye.

"Ukatuma mwana ku siteji kuti akadikire azakhali ake ochokera ku Liwonde, umamuuza chiyani? Ukamuuza kuti, 'Minibasi ikaima ubwere udzandiuze,' iye adzathamanga minibasi yoyamba ikangoima, ndipo iwe udzapha nkhuku pachabe. Mwanayo sanalakwe. Wadikira chimene unamuuza. Umayenera kumuuza kuti, 'Udikire mpaka uone azakhali atsika ndi chikwama chawo.' Mawa ukamutuma kuchigayo, chizindikiro n'china, ufa m'thumba. Mwana ndi yemweyo, kudikira n'komweko, koma chodikiridwacho umamupatsa ndiwe womutuma. Mthandizi wathuyu timulembe chotero. Asakhale ndi chizindikiro chakechake. Mayeso aliwonse azimupatsira m'manja chizindikiro chawo, iye azingoyang'anayang'ana mpaka chioneke. Nthawi ikatha chisanaoneke, anene poyera kuti sichinaoneke."

Janeth anamva, ndipo nzeruyo inamukomera. Anali atatembenukira kale ku kompyuta pamene a Makaiko anagogoda tebulo ndi chala.

"Sindinamalize. Tamvetsa ichi, chifukwa msampha uli pamenepa. Mthandizi wotere sakana. Ukamupatsa chizindikiro chabwino, adzadikira chabwinocho. Ukamupatsa chachabe, adzadikira chachabecho, n'kubwera akumwetulira kudzakuuza kuti zonse zili bwino. Ndiye pa mayeso oitana ambulansi, usamuuze kuti adikire kagudumu. Usamuuzenso kuti adikire mawu a pa foni ya wotumiza. Foni ikhoza kulemba kuti 'Zatumizidwa' uthenga ukadali m'thumba mwake momwemo. Umuuze adikire mpaka dzina la mayiyo litulukire pa sikilini ya dalaivala, basi. Ukudziwa chifukwa chake? Lero kumudzi matenda akamuyamba mayi, anthu amathamanga. Wina amakwera pachulu kukasaka netiweki, wina amakagogoda kwa wa kabaza. Koma tsiku limene tidzawapatse foni yolemba kuti 'Zatumizidwa', onsewo adzakhala pansi. Mawuwo akadzakhala onama, owakhazika pansiwo tidzakhala ndife."

Janeth anati wamva. A Makaiko anamuyang'ana kanthawi, monga aphunzitsi amayang'anira mwana woyankha msanga, kenaka anabwerera pa tebulo lawo.

3. Mzere wofiira

Ntchitoyo anaigwira bwino, ndipo tiyenera kunena zimenezi poyera. Mthandizi watsopano anatuluka wamfupi ndi waudongo. Pa mayeso olowera mu pulogalamu, Janeth anamupatsa chizindikiro choti dzina la mlangizi lioneke pamwamba pa tsamba. Pa mayeso osankha mudzi, choti mayina a midzi atambasuke. Pa mayeso oitana ambulansi, anamupatsa chija ananena a Makaiko. Mizere yonse inatuluka yobiriwira ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje.

Lachinayi m'mawa a Makaiko analandira foni ya maliro. Mlamu wawo anali atamwalira ku Balaka. Asanathamangire ku siteji anamusiyira Janeth mawu. Anati mayeso onsewo anawayendetsa pa netiweki ya pa Songani, yomwe ndi yamphamvu. Tsopano aifinye netiwekiyo, pakuti kompyuta ili ndi pofinyira, kuti ikhale yofooka ndi yodukaduka ngati ya kumtunda. Akatero ayendetsenso mayeso, awatumizire chithunzi cha zotsatira. Mizere ikakhala yobiriwira, iwo aloleza kuti mawa lake alangizi apatsidwe pulogalamuyo. Pakapezeka wofiira, zonse ziime. Ndipo zikaima, alangiziwo sadzasonkhananso mpaka chaka chatsopano.

Janeth sanafunikire masamu a a Makaiko kuti aone tanthauzo lake. Chaka chatsopano chisanafike, mwezi wa Eneless udzakhala utakwana kale.

Anafinya netiweki, nayendetsa loboti. Mizere inayamba kutsika, wobiriwira, wobiriwira, wobiriwira. Womaliza unachedwa. Kenaka unatuluka wofiira.

Anali mayeso oitana ambulansi.

Anayendetsanso. Wofiira. Anayendetsanso, ndipo ulendo uno unatuluka wobiriwira, mtima wake n'kutsika. Koma atabwerezanso unafiiranso, ndipo zinapitirira chotero, pena kukoma pena kuipa.

Ndiye anakhala pansi n'kuonetsetsa chimene loboti inkachita. Anaika masamba awiri moyandikana, la wotumiza kumanzere, la dalaivala kumanja. Loboti inalemba dzina lopeka, n'kudina batani. Kagudumu kanazungulira, n'kuima. Kumanzere kunatuluka mawu akuluakulu, okongola: Zatumizidwa. Kumanja kunalibe kanthu. Mthandizi anadikira, anadikira, nthawi yake n'kutha, ndipo ananena monga anaphunzitsidwira kuti chizindikiro sichinaoneke.

Janeth anamuonjezera nthawi yodikira. Sizinathandize. Uthengawo sunali kuchedwa ayi. Netiweki ikaduka pakati pa ulendo, uthengawo unkafera m'njira, tsamba n'kumalembabe kuti wapita.

Anaitana Nickson kuti adzaone. Nickson anabwera akutafuna chinangwa chokazinga, nasuzumira osawerama n'komwe. Anati vuto si tsamba lake, vuto ndi mayesowo, akuchulutsa gaga m'diwa. Anati netiweki ya kumudzi siifika poipa chotero, a Makaiko amangokonda kuopa mthunzi wawo womwe. Janeth atamufunsa kuti kukonza kungatenge nthawi yotani, nkhope yake inasintha pang'ono. Anavomera kuti pangafunike kumasula mbali yonse yotumizira uthenga, ndipo imeneyo si ntchito ya tsiku limodzi.

Atafika pachitseko anatembenuka.

"Kodi mthandizi wako watsopanoyo si amalandira chilichonse? Ndiye mpatse china. Achemwali ako si akudikira makina omwewa?"

Anatuluka, kupita kukaonera bawo ku siteji. Kompyutayo sanaikhudze, ndipo ankadziwa chifukwa chake: mlandu ukadzabwera, usadzakhale wake.

4. Mzere umodzi wokha

Njira yoongoka inalipo, ndipo inali yaifupi. Janeth akanaimbira a Makaiko n'kuwauza kuti mzere wina wafiira. Kenaka akanakwera kabaza kupita ku Namikhate, kukauza Eneless kuti makina sanapse, alongedze beseni ndi nsalu apite ku chidikiro mvula isanayambe. Basi. Zikanamuwawa pang'ono pokha, pomeza mawu ake aja pamaso pa amayi ndi pamaso pa mudzi wonse umene anautamira.

Anatenga foni, nasaka dzina la a Makaiko. Anaiyang'ana, n'kuiika pansi. Munthu ali pamaliro, umusokonezenso? Anaitenganso, n'kuiikanso pansi. Akuluakulu sananame, manyazi anapha lambe.

Ndipo chisoni chake n'chakuti mtsikanayu sanali woipa mtima. Mkulu wake ankamukonda kwambiri. Ankaona ngati pulogalamu yolumala pang'ono ndi yabwino kuposa kukhala opanda pulogalamu, ndipo anadziuza kuti a Makaiko akangobwera adzawaululira, akonze mwakachetechete palibe amene wadziwa. Chimene anaiwala ndi chija anamuchenjeza, chakuti mawu obiriwira amakhazika anthu pansi.

Chigayo chinali chitasiya kulira. Kunja kunali chifundi, mphepo osapita, ndipo kuphiri kunamveka kugunda kwapansipansi.

Anatsegula mayeso oitana ambulansi. Pamalo pamene mayesowo amapatsira mthandizi chizindikiro, panali mzere umodzi wonena kuti adikire mpaka dzina la mayi lioneke pa tsamba la dalaivala. Anaufufuta. M'malo mwake analemba kuti adikire mpaka mawu oti Zatumizidwa aoneke pa tsamba la wotumiza.

Sizinatenge nthawi. Mthandizi amene iye mwini anamulemba mwaluso, woti azilandira chizindikiro chilichonse, analandira chimenechinso. Sanafunse, sanakane.

Anayendetsa loboti. Mizere inatsika yonse yobiriwira mpaka pansi. Anabwerezanso, netiweki ataifinya kuposa poyamba. Yobiriwira yokhayokha. Tsamba la dalaivala lija analitseka kuti lisamamuyang'ane.

Anajambula sikilini n'kutumiza chithunzi ku Balaka. Yankho silinachedwe.

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Chizindikiro cha pa ambulansi ndi chija ndinakuuza?"

Janeth analemba kuti, "Eya, bambo."

Madzulo a tsikulo chakudya sichinamulowe. Achibale ake atafunsa, anati mutu ukumupweteka chifukwa choyang'ana kompyuta.

5. Lachisanu la m'manja

Mawa lake alangizi a zaumoyo ochokera m'midzi yonse ya m'chigwamo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Nickson anavala tayi. Dalaivala wa ambulansi, a Alaudin, bambo wonenepa wokonda nthabwala, anakhala kutsogolo atanyamula tabuleti yawo yatsopano, chifoni chachikulu cholandirirapo mauthengawo, ngati mbale yoti ikagwa isweka.

Woyamba kuyesa anali a Rabecca, mlangizi wa ku Namikhate komweko. Analemba dzina lopeka, nadina batani. Pansi pa mangopo netiweki inali yamphamvu, ndiye dzinalo linatulukira pa tabuleti ya a Alaudin asanaphethire n'komwe. Anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kululutira.

A Rabecca anamukumbatira Janeth. Anati miyendo yawo yapuma tsopano, zokwera pachulu kukasaka netiweki mayi akubuula m'nyumba zatha. A Alaudin anati iwonso apuma, chifukwa kale anthu ankawaimbira mawu akudukaduka, iwo n'kupita mudzi wolakwika. Tsopano sikilini ikangoyera, ndiye kuti chigwa chonse chili pa mtendere.

Janeth anamwetulira pamene pankafunika kumwetulira. Anthu ankati mwanayu ndi wodzichepetsa, onani sakudzitama n'komwe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Lamulungu sanapite kwawo. Anatumiza mawu kuti ntchito yachuluka. Munthu amene anapita ndi mawuwo anabwera ndi ena ochokera kwa Eneless, akuti a Rabecca amuonetsa makinawo ndipo ndi okongola zedi. Akuti chikwama chimene amayi anamulongedzera mokakamiza wachimasula, nsalu wazibwezera m'sutikesi.

A Makaiko sanabwere Lolemba. Anaimba kuti achibale awagwira pa zokambirana za banja, afika pakati pa sabata. A Makaiko anafunsa ngati zonse zili bwino. Janeth anati zili bwino.

Tsoka silinunkha. Likanakhala lonunkha, bwenzi mtsikanayu atathamangira ku Namikhate tsiku lomwelo, ngakhale wapansi.

6. Mvula

Inayamba Lachiwiri. M'mawa inagwa kuphiri kokha, moti Malosa sankaoneka, atakutidwa ndi chinsalu chotuwa. Ku Songani kunali kukadali fumbi. Masana Janeth anatuluka muofesi kupita pamsika, kumene anagula kashawelo koyera ka mwana. Mwina ankafuna kuti mtima wake uone kuti akuchitapo kanthu.

Asanachoke pamsikapo, mphepo inadzuka. Mapepala ndi majumbo zinauluka, amayi a tomato anakokera malonda awo m'misasa, ndipo mvula inatsika ngati munthu wapendeketsa mgolo. Janeth anathawira pakhonde la tiyirumu ina.

Pakhondepo anapeza a Alaudin akumwa tiyi. Ambulansi inali itaima pambali, chifukwa anabwera kudzapopetsa tayala ndipo mvula inawatsekereza. Tabuleti yawo inali pa tebulo. Anamulonjera mwansangala, namuuza kuti makina ake awapatsa ulesi. Chiyambire m'mawa sikilini inali mbee, palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene wawaitana.

Nthawi yomweyo foni ya Janeth inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa amayi. Asanauwerenge anaona nthawi imene unalembedwa. Unalembedwa m'mawa, dzuwa lisanakwere. Unali utakhala mu foni ya amayi maola onsewo, kudikira kuti netiweki iphethire.

"Janeth, achemwali ako matenda awayamba. A Rabecca atumiza pa makina ako aja ndipo alemba kuti Zatumizidwa. Wa kabaza anabwera koma tamubweza. Ife tikudikira galimoto."

Janeth anapempha a Alaudin kuti aone nawo tabuleti. Anaitenga, natsitsa tsamba ndi chala kuti libwere latsopano. Linabwera, loyera monga poyamba. Anaimbira amayi, foni sinapezeke. Anaimbira a Rabecca, chimodzimodzi.

A Alaudin anali atasiya kuseka. Anaika kapu pansi.

"Mwana iwe, bwanji?"

"A Alaudin, lizani galimoto. Ku Namikhate kuli mayi akudikira chiyambire m'mawa. Ndi achemwali anga."

Bamboyo anayang'ana pa sikilini, nayang'ananso mtsikanayo. Anati pamenepo palibe dzina.

"Silibwera," anatero Janeth. "Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndikuuzani m'njira."

A Alaudin tiyi anamusiya pomwepo.

Anasiya msewu wa tala n'kulowa wafumbi, umene tsopano unali matope okhaokha. Madzi ofiira ankatsika m'mbali mwa msewu ndi zinyalala za m'minda. Galimoto inkaterera uku ndi uku. M'njiramo Janeth ananena zonse, za mzere wofiira, za chizindikiro chimene anafufuta, za yankho limene anapatsa a Makaiko. Ankalira, ndipo anali ndi mantha amene anali asanawamvepo chibadwire. A Alaudin sanamukalipire, sanamutonthozenso. Maso awo anali pamsewu. Anangofunsa funso limodzi, ngati midzi ina yonse ya kumtunda ili ndi makina omwewo. Janeth anati eya. Bamboyo anapukusa mutu, naponda mafuta.

Asanafike kumtsinje anakumana ndi anyamata a kabaza atabisala pansi pa mtengo, njinga zawo zitagona. Mmodzi anawabayibitsa kuti aime, nakuwa kuti asavutike kupitirira. A Alaudin anapitirirabe.

Mtsinje anaumva asanauone. Atakhota pa ngodya yomaliza, msewu unangothera m'madzi. Domasi amene sabata yathayo ana ankamuwoloka akusewera anali atasanduka chinthu china, chofiira, chokokoma, chonyamula nthochi zathunthu ndi mizu yomwe. Kamlatho sikankaoneka. Janeth anatsika m'galimoto, kashawelo kaja kakadali m'manja, nayang'ana mwala waukulu uja amayi ankanena. Panatsala kansonga kokha, ndipo nakonso madzi ankakanyambita.

Kutsidya, kupyola minda, ankatha kuona madenga a Namikhate m'kati mwa mvula. Sipanali patali. Tsiku labwino munthu akanayenda asanatope.

Foni inanjenjemeranso m'thumba mwake. Pakona pa sikilini panali kamzere kamodzi ka netiweki, ndipo uthengawu unali wa nthawi yomweyo.

"Galimoto ija ili pati, mwana wanga? Achemwali ako afooka. Ife tikudikirabe."

Kumbuyo kwake, a Alaudin anazimitsa injini.